Mfuti ya Apongozi, Chishango cha Boma

Lolemba

Nkhani yabwino yabwera pa njinga! A Mhango, wapolisi wa payuniti yathu pano pa Kanyimbi, andipeza pasukulu nthawi ya buleki, thukuta lili kamukamu. Akuti Loweruka kukubwera bwana wamkulu wa kulikulu, wa aja amayendera apolisi ndi makomiti a chitetezo cha m'midzi kuti aone mmene tikugwirira ntchito. Akubwera ndi chishango. Dera limene likusunga bwino mtendere lilandira chishangocho, ndi chikwangwani cha pamsewu cholembedwa kuti Dera la Mtendere.

Pampikisanowu tatsala awiri: ife a pa Kanyimbi ndi a ku Mphepozinai.

Wapampando wa chitetezo ku Mphepozinai ndi Gondwe. Gondwe yemwe uja wa ku koleji ya uphunzitsi, amene ankakopera ntchito yanga n'kumapeza malikisi ondiposa. Wapampando wa kuno ndine. Ndiye iyi si nkhani ya boma yokha ayi.

Zimene bwana adzaone:
- anyamata a chitetezo atavala majekete owala aja (alipo, kupatula limodzi limene mkazi wa mwini wake amavala popita kudimba)
- mawenzulo (alipo, imodzi imalira)
- mbava (pakadali pano tilibe, zinapita kukagwira utenanti ku maesiteti a fodya)
- mfuti zopanda chiphaso: pasapezeke ngakhale imodzi

Apa ndiye pagona nkhani.

Mfuti pa Kanyimbi ilipo imodzi, ndipo ngakhale nkhuku zimaidziwa. Ndi ya gogodela, yothira onga kukamwa, ya malemu apongozi anga aamuna. Ankathamangitsira nguluwe m'munda ndi kuliza pa maukwati. Chiphaso chake chinatha ine ndisanamere ndevu. Lero ili kuchipinda kwa apongozi aakazi, aNaphiri, ikulondera matumba a feteleza wa makuponi.

Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Kuchipinda kwa apongozi! Ine amene ndikangowaona akubwera panjira ndimalowa m'tchire ngati gwape!

Pulani: mfuti ituluke, ndiimange panjinga, ipite ku Kasungu boma, ibwere ndi chiphaso lisanafike Loweruka. Zosavuta. Munthu wopita ku koleji sangalephere kusuntha chitsulo chimodzi.

Lachiwiri

Njira yoyamba: mayi a Tiya, akazi anga. Mwana wa apongozi. Amalowa kuchipindako ngati kwawo, poti ndi kwawodi.

Ndalawirira, nazale yonse ya fodya ndathirira ndekha. Ndagula sopo wonunkhira. Ndayamikira ndiwo za dzulo, zomwe zinali chisoso chopanda mchere wokwanira.

"Mukufunanji, bambo a Tiya?" Sopo asanamukhudze n'komwe.

Ndafotokoza: lamulo, chiphaso, chishango, Gondwe.

Akuti: "Chaka chatha akuba anayenda mzere wonse uno kutola feteleza, n'kudumpha nyumba imodzi yokha. Mukuganiza kuti ankaopa wenzulo yanu ija?"

Akutinso: "Mfutiyo amayi amaipukuta ndi mafuta a nsatsi Loweruka lililonse pakhonde, akucheza nayo ngati bambo ali moyo. Ndiye ndikawauze kuti amuna awo amangidwe ndi mphira pa kaliyala ya njinga yanu? Kaneneni nokha."

Ndikanene ndekha! Akudziwa bwino lomwe. Zaka zonsezi, za apongozi anga ndimadziwa zidendene ndi mpango wa kumutu basi. Mawu awo ndimawamvera kuseri kwa mpanda, ngati wailesi ya aneba.

Ku koleji mphunzitsi wina ankatiuza kuti mwambo wopewana ndi apongozi ukutha. Abwere adzakwatire pa Kanyimbi.

Sopo watengedwa ndithu.

Masana: kwaya ya ana asukulu yayamba kuphunzira nyimbo yolandirira bwana. Ndapeka ndekha. Mawu akuti mtendere akubwerezedwa mpaka ana kuyasamula. Zikuyenda.

Lachitatu

Njira yachiwiri: ankhoswe. A Yotamu, mlongo wawo wa apongozi, amene anaimira ukwati wathu. Ameneyu ndiye khomo lovomerezeka. Mkamwini akakhala ndi mawu, amawasenzetsa nkhoswe.

Nkhoswe sayenda kukhosi kuli gwa. Tiyi wa mkaka ku tiyirumu, sikono, sikono inanso.

Ndawauza momveka, ngati ndili m'kalasi la ana aang'ono: mfuti ilibe chiphaso, boma silifuna, ipite kuboma. Abwereza. Ndawabwerezetsanso. Akhoza.

Apita m'mawa. Abwera dzuwa litapendeka, milomo ili noninoni, kathumba ka mtedza kali m'khwapa.

Zimene akambirana ndi mlongo wawo:
- mvula, ngati ibwere msanga
- bondo la apongozi
- mbuzi ya a Yotamu imene inadya nazale ya apongozi, ndi kukhululukirana kwake
- makuponi, ndi chifukwa chimene mabanja awiri akugawanirana thumba limodzi
- malemu, ndi mmene analizira mfuti tsiku la ukwati wanga mpaka abusa kutaya chipewa

Nanga za chiphaso?

"Aphunzitsi, nkhani ngati imeneyo sumangoiponya ngati mwala kwa galu. Lero tinali kulambula njira."

Ndawapanikiza kuti anenadi chiyani. Akuti: "Ndinangoti mkamwini wanu akuikumbuka kwambiri mfuti ya malemu masiku ano. Analira, aphunzitsi! Akuti sankadziwa kuti muli ndi mtima wotere."

Mtedzawu ndi wanga. Apongozi atumiza wothokoza.

Ndi wokoma. Ndadya mokwiya.

Gondwe watumiza uthenga pafoni, akufunsa ngati ndingamubwereke msomali wopachikira chishango. Galu!

Lachinayi

Njira yachitatu: boma lenilenilo. Lamulo lilibe apongozi.

Ndakatenga a Mhango kuyuniti. Yunifolomu yositidwa, chipewa, nsapato zoti n'kudziyang'anirapo. Tikuyenda pakati pa msika, anthu akutuluka m'magolosale kudzaonerera. Tagwirizana: ine ndikaima kuseri kwa nkhokwe, iwo akagogoda m'dzina la boma.

Tafika pa mtengo wa mango wa pamphambano. Kutsogolo kwathu, uyo, mpango uja! Apongozi akuchokera kumunda, khasu paphewa.

Ine, monga mwa masiku onse, tchire! Ndagwada, mutu pansi.

Ndikuyang'ana kumbali: pali munthu winanso wagwada, chipewa chili m'manja. Nsapato zowala.

Ndanong'ona kuti a Mhango, mukutani muno?

"Pepani chomene, a tcheya. Ndinapereka chikole kwa Esinati mwezi watha."

Esinati! Mlamu wanga, mwana womaliza wa apongozi! Mudzi wonse ukudziwa kuti wapolisi wafunsira mbeta pakhomo pathu, kupatula wapampando wa chitetezo.

Ndiye boma ndi komiti tonse tili m'tchire. Apongozi akudutsa pang'onopang'ono, bondo lija. Aima. Akupereka moni kwa mtengo wa mango: "Mwaswera bwanji kumeneko, abambo anga nonse awiri?"

Tayankha pamodzi, tikuomba m'manja, maso ali pa nyerere.

M'tchiremo munali chitedze.

Masana onse ndikuphunzitsa masamu uku ndikudzikanda pa ngodya ya bolodi. Ana akuganiza kuti ndi gule watsopano. Wapolisi mnzawo wa a Mhango, amene alibe chibale ndi aliyense pano, ali kumaliro kwawo, abwera sabata yamawa.

Za ulendo wa kuboma ndazisiya. Pulani yatsopano, yaing'ono: mfuti ingokhala phee kuchipindako mpaka bwana apite. Bwana sangasuzumire pansi pa bedi la munthu wamkulu. Akadzandifunsa za mfuti, ndidzatsokomola.

Lachisanu

Ndadzidzimuka ndili pakati pothirira nazale: mawa ndi Loweruka! Tsiku la mafuta a nsatsi! Ndipo khonde la apongozi linapenya kubwalo komwe kudzakhale bwana.

Palibenso wotuma. Ndikanena ndekha, mwamwambo.

Kakhalidwe kake: ine ndagwada kuseri kwa nkhokwe, nkhope kuchigafa cha fodya. Apongozi ali pamphasa pakhonde, nkhope kukhoma. Mayi a Tiya ali pakati, akuswa mtedza wa mbewu, ngati woimbira mpira.

Ndayamba ndi mvula. Kenako bondo. Kenako nazale. Kenako feteleza, kuti chaka chino ndi woyera bwino. A Yotamu ndikuwamvetsa tsopano. Mawu akuti "bisani mfuti" afika pammero, aona kumene akupita, abwerera. Ungawauze bwanji apongozi kuti abise amuna awo ngati katundu wakuba?

Chimene chatuluka ndi ichi: "Amayi, mawa kukubwera alendo olemekezeka kwambiri. Ndiye ndimati, chuma chija anatisiyira malemu chija... Tsiku la mawa ndi lalikulu kwa ine, amayi."

Ndamva apongozi akumina.

"Ndamva, bambo. A Yotamu ananena kale. Pitani mukakonze za alendo anu. Pamudzi pano mkamwini sanachitepo manyazi pamaso pa alendo, ndipo simuyamba ndinu."

Mayi wanzeru! Mawu ochepa, amva zonse. Anthu akale safuna kuwatafunira.

Mayi a Tiya andifunsa kuti, "Mwamaliza?" Ndati eya. Akuti, "Chabwino," n'kupitiriza kuswa mtedza, mapewa akugwedezeka. Chifuwa, mwina. Fumbi la Novembala ndi loipa.

Zokonzekera:
- bwalo lasesedwa
- miyala yapakidwa laimu
- mabenchi a kutchalitchi, tebulo la ahedi, nsalu ya maluwa
- jekete la kudimba lija labwezedwa, likununkha anyezi
- msomali ndakhoma kale pabalaza, pamwamba pa satifiketi yanga

Gondwe sindinamuyankhe. Adzayankhidwa ndi chikwangwani.

Loweruka

M'mawa. Zonse zili bwino! Pakhonde pa apongozi palibe munthu, chitseko chili chotseka. Ndikanatha kuwakumbatira, chikanakhala chololedwa.

Bwana afika. Galimoto yoyera, mimba yaulemu. Chishango chikuwala ngati mbale yatsopano. Ku Mphepozinai adzera kale, ndipo a Mhango andinong'oneza kuti sanasangalale: Gondwe anayankhula mpaka bwana kuwodzera.

Kwaya yaimba. Anyamata aguba, ena kumanja ena kumanzere, koma aguba. Wenzulo yalira. Bwana amwetulira!

Afunsa: "A wapampando, mfuti zopanda chiphaso ziliko kuno?"

Ndatsokomola. Agwedeza mutu, alemba.

Aimirira. Anyamula chishango ndi manja awiri. Ine ndapukuta zikhatho pa buluku. Ayamba: "Dera lino latisonyeza kuti mtendere..."

PHUUU!

Zimene ndaona, motsatana:
- utsi wakuda kuseri kwa mango
- akhwangwala onse a m'Kasungu ali m'mwamba
- bwana ali pansi pa tebulo la ahedi, chishango adziphimba nacho kumutu
- kwaya ikuthamangira kudambo
- anyamata a chitetezo ali patsogolo pa kwaya

Utsi wachepa. A Yotamu aima, nkhope ili bii ngati kunsi kwa mphika, nsidze palibe. M'manja mwatsala thabwa la mfuti, mpope wang'ambika ngati chinangwa chopsa kwambiri. Onga anathira mowolowa manja, poti mlendo ndi wa kulikulu. Palibe wavulala. Kumbuyo kwawo apongozi ndi amayi anzawo nthungululu zili pakamwa.

"Alendo a mkamwini wanga alandiridwa!" akukuwa apongozi.

Bwana atuluka kunsi kwa tebulo, afunsa mwini mfuti. Apongozi akubwera, pang'onopang'ono, molunjika patebulo pomwe taima ife.

Ine ndi a Mhango, osapangana, tatembenuka n'kugwada. Tafulatira apongozi, bwana, ndi chishango chomwe.

"A wapampando! Konsitebo! Tayang'anani kuno!"

Tiyang'ane bwanji?

Zotsalazo ndamva ndi makutu okha, amene akulirabe. Apongozi akufotokoza mwaulemu kuti pamudzi pano mlendo wamkulu amalandiridwa chonchi kuyambira kale. Kuti iwo akanaiwala, koma mkamwini wawo, mwana wabwino, wakhala akutumiza anthu sabata yonse kudzawakumbutsa za mfutiyi, mpaka dzulo kubwera yekha.

"Sabata yonse," atero bwana. "Mpaka kubwera yekha."

Kenako chitseko cha galimoto. Kenako fumbi pamsana panga.

Lamulungu

Chishango chili ku Mphepozinai. Foni ndazimitsa.

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni mokuwa, akuti mwina makutu sanatseguke. A Yotamu akhala benchi la kutsogolo, nkhope ili see ngati dzira. Akuti nsidze zimera ndi mvula yoyamba.

Zidutswa za mfuti zapita kuboma m'thumba. A Mhango alemba lipoti loti pa Kanyimbi palibenso mfuti, ya chiphaso kaya yopanda chiphaso. Zoona zokhazokha. Dera la Mtendere lenileni ndi lino, kungoti tayamba bwana atapita.

Apongozi sawatengera kukhoti, akuti ndi munthu wamkulu. Woti akafotokoze kuboma ndine.

Masana mayi a Tiya abwera ndi nkhuku yootcha ndi mawu ochokera kwa amayi awo. Akuti sakudandaula. Mfuti ya malemu yafera pa ntchito ya mkamwini, imfa yaulemu, ndipo mudzi wonse wamva. Kungoti feteleza tsopano alibe mlonda, mvula sinagwe, akuba nawonso ali ndi makutu. Ndiye poti wapampando wa chitetezo ali pakhomo pomwe pano...

Ndafunsa ngati a Mhango sangathandizeko. Akuti ayi, munthu wa chikole chabe sangagone pakhomo pa eni.

Nkhuku ndadya. Mphasa ndapinda, bulangete ndatenga. Kuyambira lero mpaka feteleza athiridwe m'munda, malo anga ndi pakhonde pa apongozi, nkhope kumsewu.

Akuti apongozi akamatsegula chitseko m'mawa, ndikhale nditachoka kale.