Tsiku limene ndinasoka maukonde a timu

Mukadzafika pa Chonde n'kumva anthu akukuwa kuti "Atelala!", musafunefune munthu wa makina osokera. Akunena ine, ndipo dzinalo sindinalipeze mwaulemu.

Amuna anga, bambo a Tadala, amasunga katundu wa timu ya mpira wa basiketibolo ya ku esiteti ya tiyi. Osewera ake amalandira malipiro pamwezi ngati aliyense, ndipo mmodzi mwa iwo ndi achimwene anga, amene anthu amawatcha a Bulugama chifukwa cha kutalika. Ine kubwalo ndinali ndisanapondeko. Tadala anali wakhanda, choncho ligi yonse ndinaionera m'beseni. Majuzi akabwera bambo ali chete, ndinkadziwa kuti tagonja. Akabwera akuimba mluzu, tapambana.

Poyamba kunali chete wokhawokha. Nandolo atayamba kukhwima, mluzu unayamba, ndipo sunalekenso mpaka timu inalowa m'ndime yachipulula, mmene mukagonja kamodzi basi, mwatuluka. Masewero oyamba anali a pakwathu, ndi timu ya ku Blantyre.

Lachinayi bambo anabwera ndi maukonde awiri atsopano, oyera mbee.

"Amake Tadala, muwasunge bwino. Loweruka tikawamangirira kumaringi."

Atachoka ndinawatambasula. Mayo! Onse awiri obooka kunsi, chibowo choti mutu wa munthu n'kudutsa. Ndinati awa awabera kusitolo, ndipo abwana a esiteti akaona adzati bambo a Tadala ndi osasamala. (Musandiseke msanga. Kupulaimale ndinkamenya netiboli, koma ringi yathu inali waya wopinda pamtengo, yopanda ukonde.) Ndinatenga singano yosokera matumba a chimanga ndi ulusi wake, n'kusoka kawirikawiri ngati thumba lopita kutali. Sindinawauze. Ndinkafuna aone okha mkazi amene anakwatira.

Loweruka ndinabereka Tadala n'kupita nawo. Bambo anamangirira maukonde mothamanga, ndipo makwerero anabwezedwa kufakitale. Osewera atalowa kuti atenthetse thupi, achimwene anaponya mpira woyamba. Unalowa bwinobwino, n'kukhala momwemo. Mnzawo anaponya wachiwiri kuti augwetse, nawonso unakhala pamwamba pa unzake ngati mazira.

Ine ndinaomba m'manja ndekha bwalo lonse.

Ochemerera a ku Blantyre anagwa nako kuseka. "A ku Mulanje inu, mwapachika madengu othyolera tiyi? Akadzadza mukawayeza pasikelo?"

Oyimbira sanaseke. Anaitana bambo a Tadala n'kuloza wotchi. "Mphindi khumi. Maukonde akhale otseguka komanso osang'ambika. Kupanda apo, alendo apambana osasewera."

Ndinaona bambo akupukuta thukuta ndi chipewa, abwana a esiteti atawayang'anitsitsa. Chaka chonse cha timu, mwinanso ntchito yawo, zinali kulendewera pa ulusi wanga. Wina anatulutsa chikwanje kuti adule.

"Ayi!" ndinakuwa. "Mudula ukonde! Ndasoka ndine, mfundo yake ndikuidziwa ndine."

Bambo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amake Tadala… mwasoka?"

"Eya, anali obooka."

"Chibowocho ndiye masewero ake, mayi!"

Panalibe nthawi yodikira makwerero. Ndinapatsira mwana mayi wina wogulitsa nanazi, ndinamanga chitenje ngati ndikupita kukaolotsa mbuzi pamtsinje, lezala kukamwa. Achimwene anagwada.

"Kwera, mlongo. Koma ukandigwetsera lezala m'mutu, ndikakunenera kwa amayi."

"Imani bwino, achimwene, mukugwedezeka ngati nthochi."

Nditafika m'mwambamo ndinaona minda ya tiyi mpaka kuphiri. Ndinadula mfundo, ndinakoka ulusi, mipira iwiri ija n'kugwera pamutu pa achimwene. Anandiyendetsa ndili paphewa pomwepo mpaka kuringi inayo, anthu akuimba kuti, "Atelala! Atelala!" Ulusi womaliza utatuluka, oyimbira anayang'ana wotchi, anandiyang'ana ine, n'kuliza wezulo.

Tinapambana. Achimwene amati alendo anatha mphamvu ndi kuseka. Sabata yotsatira tinakagonja ku Blantyre m'ndime yotsiriza (kumeneko sanandilole kupita), koma bambo anabwerabe akuimba mluzu. Ntchito yawo ikadalipo, ndipo kochi anati chaka chamawa ndizisokera timu makabudula ong'ambika, okhawo basi.

Masiku ano chilichonse chobooka ndimayamba ndafunsa. Komabe majuzi aja amandimvetsa chisoni ndikamawayanika. Onse alibe mikono, chonsecho kuno mwezi wa June kumazizira, ndipo ine ndili ndi nsalu yotsala m'sutikesi. Bambo a Tadala anandiona dzulo ndikuyeza ndi chikhatho. Singano ija mpaka pano sindikuipeza.