Kadontho Kotuwa pa Mapu a Ajenda

Pulani yonse inabadwira pa tebulo la pakona mu bala, Lachiwiri masana, nthawi imene amuna enieni amakhala ali ku ntchito. Ajenda nayenso anali ku ntchito, malinga ndi zimene mkazi wake ankadziwa. Panali patatha miyezi itatu chimuchotsereni ku kampani ya inshulansi, koma m'mawa uliwonse ankavala shati yosita, kumanga tayi, kulandira kabokosi ka chakudya, n'kutsanzika mwaulemu. Apolisi sankawaopa kwenikweni. Chimene chinkamudya mumtima chinali tsiku limene mkazi wakeyo adzadziwe zoona. Ankaganiza kuti dilu imodzi yonona imugulira miyezi ina isanu ndi umodzi ya bodza.

Dzina lakelo analipata chifukwa ngakhale poitanitsa mowa ankayamba ndi mfundo yoyamba.

"Mfundo yoyamba," anatero, akukankhira mabotolo pambali kuti laputopu ipeze malo. "Mbava zambiri zimagwidwa chifukwa zimataya nthawi kuphunzira maloko. Loko sagwira munthu, aise. Munthu amagwidwa ndi munthu mnzake."

Chigubu, chimphona chonyamula katundu pa depoti, anagwedeza mutu ngati wamva. Livesi, mwini kavani kamene giya yake yobwerera m'mbuyo inafa kalekale, anasuzumira pa sikirini n'kukwinya nkhope. Panali madontho ndi mizere yopingasana ngati ukonde wa kangaude woledzera.

"Akulu, ndiye ndi chiyani ichi?"

"Awa ndi mapu a anthu okhudzidwa. Ndinaphunzira masiku awiri athunthu ku ofesi, setifiketi ilipo. Dontho lililonse ndi munthu. Likakula, ndiye kuti ali ndi mphamvu. Mzere wobiriwira ndi chikondi, wofiira ndi chidani. Ukadziwa amene sapatsana moni, wadziwa khomo."

Ndipo tisaname, mapuwo anali okongola. Ku ofesi yake yakale kunali kutafika malaputopu atsopano makumi awiri. Bwana wamkulu ankatuluka 12 koloko kukadya. Mlonda ankadana ndi bwanayo chifukwa cha tchuthi chimene anamumana. Sekilitale ndi wa sitolo, wosunga katundu wa kampani, sankalankhulana chaka chachiwiri tsopano. Choncho Lachisanu masana Chigubu ndi Livesi adzalowa atavala maovololo, n'kuuza sekilitale kuti awatuma ndi wa sitolo kudzatenga makinawo kuti akaikemo mapulogalamu. Kenaka adzauza wa sitolo kuti awatuma ndi sekilitale. Palibe amene adzafunse mnzake. Ajenda, poti nkhope yake inali yodziwika, adzabisala kumbuyo kwa vani.

"Shasha!" Chigubu anamenya tebulo, mabotolo n'kuvina. Kenaka analoza ndi chala chake chonenepa pakona penipeni pa sikirini. "Nanga kanyerere kotuwa aka?"

"Amenewo ndi mayi a kunyumba. Mphamvu zochepa, chidwi chochepa. Gulu limeneli sitiliuza kanthu, timangolimwetulira."

"Koma pulogalamu ngati imeneyi si yodula, akulu?" anafunsa Livesi.

Ajenda anakonza tayi. "Ndimalowa ndi akaunti yanga yakale ya ku ofesi. Zitsiru zija zinaiwala kuitseka."

Anaseka onse atatu mpaka misozi, naitanitsa mowa wina wokondwerera uchitsiru wa anthu ena.

Lachitatu ndi Lachinayi Ajenda sanapume. Anaika zithunzi pa madontho, manambala a foni, nthawi, ngakhale nambala ya vani, chifukwa ntchito yosalembedwa si ntchito. Pansi pa dontho lililonse analembapo maganizo ake a mumtima. Anadabwa pang'ono kuona kuti dontho la sekilitale lakula lokha, ndiponso kuti mawu ena amene analemba molakwika akonzedwa. Anangoti makina a masiku ano ndi anzeru.

Lachisanu geti inatseguka asanaimbe n'komwe hutala. Mlonda anachita sawasha, n'kuwalozera malo abwino a mthunzi, mphuno ya vani itayang'ana khoma.

"Mwaona mzere wofiira uja?" ananong'ona Ajenda ali pansi pa makatoni. "Sayansi imeneyo."

Anzake aja analowa. Panapita mphindi khumi. Makumi awiri. M'vani munatentha ngati mu uvuni, shati yosita ija n'kumata pamsana. Kenaka wina anagogoda mofatsa.

"Bwana Ajenda," anali mawu a mlonda, "msonkhano wayamba. Akudikira inuyo."

Anaganiza zothawa. Koma kiyi anali ndi Livesi, geti inali yotseka, ndipo ngakhale kiyiyo akanakhalapo, vaniyo sinkadziwa njira ina koma yolowera m'khoma. Anatsika, nakonza tayi, natsatira mlonda ngati mbuzi ya pa chingwe.

M'chipinda cha misonkhano munali modzaza. Bwana wamkulu analipo, asanadye. Sekilitale ndi wa sitolo anakhala moyandikana, akugawana mabisiketi. Apolisi awiri ankamwa tiyi. Chigubu ndi Livesi anali pansi, pa kapeti. Ndipo pa khoma lonse, kuchokera ku denga mpaka pansi, pulojekita inkawalitsa mapu aja.

"Takulandirani," anatero bwana wamkulu. "Chilichonse cholembedwa pa akaunti ya kampani chimaoneka kwa tonse, munaiwala? Linali phunziro la tsiku lachiwiri. Mwina munkagona. Takhala tikukutsatirani kuyambira Lachiwiri. Mwayanjanitsa anthu amene ine ndinalephera zaka ziwiri. Mayi, tawerengani."

Sekilitale anadina dontho loyamba. "Bwana wamkulu: mutu waukulu, mkati mphepo." Anadina lina. "Mlonda: ndudu ziwiri wagulidwa."

"Ine sindisuta n'komwe!" anakuwa mlonda mwaukali.

"Sekilitale: mukamuyamikira wigi, akupatsani ndi makiyi omwe." Apa mayiyo anayang'ana Ajenda nthawi yaitali ndithu, kenaka n'kupitiriza. "Livesi: gawo lake ndi mafuta basi. Chigubu: minofu yambiri, nzeru za nkhuku. Zikavuta, timusiye agwidwe."

Chigubu anadzuka pang'onopang'ono. Panafunika apolisi onse awiri, mlonda ndi wa sitolo kuti amukhazikenso pansi.

Zonsezi Ajenda akanazipirira. Ndende ndi nyumba, amatero anthu, ndipo mumtima anali atayamba kale kukonza bodza lina: adzatumiza uthenga kunyumba kuti kampani yamutumiza ku maphunziro akutali. Ndi pamene anamva kukwekwesa kwa mpando kumbuyo kwa chitseko.

Mkazi wake anaimirira, tepi yoyezera zovala idakali m'khosi, ulusi utamata pa siketi. Akampani anachita kumuitanitsa ku mashini ake osokera. Nambala yake ya foni inali pa mapu, yolembedwa bwinobwino ndi mwamuna wake.

Ajenda anakonza tayi. "Mayi, ndikufotokozereni. Mfundo yoyamba..."

"Khalani chete, bambo." Sanakweze mawu. "Za ntchitozo ndinazidziwa sabata yoyamba yomwe. Munthu wochokera ku ofesi sabwera ndi shati yonunkha mu bala. Ndinkasitabe, ndinkaphikabe. Ndimati manyazi akakutherani mudzandiuza nokha, tione chochita ngati anthu awiri."

Anayenda mpaka ku khoma, chithunzithunzi chake chikuphimba theka la mapu. Anawerama pakona, pafupi ndi soketi ya magetsi, pamene panali kadontho kotuwa.

"Kameneka ndine?"

Wapolisi mmodzi anaika kapu yake pansi mosamala.

"Mphamvu zochepa, chidwi chochepa," anawerenga yekha. "Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Miyezi itatu mukudya za mashini anga. Ngakhale mlonda mwamupatsa dontho lalikulu kuposa ine."

Ajenda anayang'ana kadontho kaja. Anamva chisoni chenicheni, chochedwa ngati mvula yogwa mbewu zitauma.

"Tayiyo vulani, ndi ya achimwene anga," anatero mkazi uja, natambasula dzanja. Atailandira anaipinda bwinobwino, n'kutembenukira kwa sekilitale. "Asisi, munthu akafuna kuchokapo pamenepa amadina pati?"

Sekilitale anamusonyeza. Mayi uja anadina kamodzi kokha, ndi chala chozolowera singano. Kadontho kotuwa kanazimiririka, ndipo limodzi nako unapita mzere wobiriwira wokhawo umene unali utatsala pa dzina la Ajenda.