Dzanja la nyani kwa apongozi

Chaka chomwe tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ine ndinali purofesolo, ndiye kuti mphunzitsi, ku Mandimba, sukulu yopanda denga, mabuku onse chiswe chitadya. Ndiye ndinafika pa phunziro loti zamoyo zinachokera kumodzi n'kumasintha pang'onopang'ono. Ana angakhulupirire bwanji popanda chithunzi? Ndinati ayi, ndiwabweretsera umboni wogwirika. Ndinatolera phiko la nkhuku, mwendo wa mbuzi, phiko la mleme, ndi dzanja la nyani lomwe mlenje wina anandipatsa akundiyang'ana mokayika. Ndinawiritsa, n'kuyanika, n'kuika m'thumba.

Sabata lomwelo amalume anga amapita kukandifunsira mbeta, Asiyatu, mwana wa bambo Saide a ku Ngauma. Mtsikanayo ndinkamufuna mpaka tulo osabwera. Ndinagula nsalu ya kapulana, shuga ndi sopo zoti apite nazo, n'kuika m'thumba lina. Tsono inu mukukumbukira, tonse tinabwera ndi matumba amodzimodzi olandirira ufa kumsasa wa othawa nkhondo. Ndani ankawasiyanitsa?

M'mawa amalume ananyamula lawo panjinga, ine langa. Ndinaima pamaso pa ana, chifuwa patsogolo, ndati lero muona ndi maso kuti ife ndi nyama tili pachibale. Kupisa dzanja, ndatulutsa kapulana wamaluwa. Kupisanso, shuga. Ana anaseka mpaka kugwa pa njerwa zomwe amakhalira, ine n'kuzindikira kuti mafupa apita ndi amalume.

Ndinabwereka njinga yopanda mabuleki, n'kupalasa ngati ndaba. Kwa bambo Saide ndinapeza anthu ataima kutali ndi mphasa, mayi ake Asiyatu akulira kuti mkamwini wawatumizira zithumwa, amalume atakhala okha ndi phiko la mleme, thukuta lili kamukamu.

Munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Koma uphunzitsi ndi matenda, anzanga. Ndinatola mafupa aja n'kuyamba kufotokoza: fupa limodzi kumtunda, awiri kumunsi, kenako tizala, nkhuku chimodzimodzi, mleme chimodzimodzi. Poona kuti akhala chete ndinayesa akumvetsa, ndiye ndinagwira dzanja la bambo Saide, apongozi amene sindimayenera n'kuwayang'ana komwe, n'kuligundanitsa ndi la nyani.

"Taonani bambo, zala zisanu uku, zisanu uku. Ndi abale athu awa."

Anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kulipukuta pa mkanjo. Apo ndinadziwa kuti Asiyatu wapita.

"Abale anu, purofesolo? Alhamdulillah. Andithera chimanga kumunda. Pitani mukalankhule nawo pachibale. Tikakolola, mudzatenge mkazi."

Dzinja lonse, ndikaweruka, ndinkakhala pa nsanja m'munda mwawo ndi chitini, kukuwa, anyani akundisuzumira m'mitengo osandilemekeza ngakhale pang'ono. Asiyatu ndinamukwatira, inde, ndipo phunziro lija ndimaliphunzitsabe, chifukwa mafupawo sananame. Koma ndinalumbira: umboni ndizijambula ndi choko pabolodi, ndipo dzanja la apongozi sindidzaligwiranso, ngakhale litakhala ndi zala zisanu ndi chimodzi.