A Sindinafe, Mwamuna Wokana Kufa pa Sewero

Mukatchula a Sindinafe kwathu kuno, aliyense amayamba waseka kaye, kupatula mkazi wawo, mayi telala, amene mpaka lero amangotsonya. Bambo ameneyu, wokonza njinga pansi pa mtengo wa pamsika, anali ndi nthenda imodzi yosautsa: pa sewero ankakana kufa.

Gulu lathu la zisudzo ankalitsogolera ndi mayi telalawo. Kupeka sewero iwo, kusoka zovala iwo, kukapempha kalasi kwa ahedi iwo, kupachika zofunda pa chingwe kuti zikhale katani iwo omwewo. Sewero lawo lalikulu linali la chidakwa chimene chimabayidwa pa ndewu, kenako mkazi wake amagwada pa mtembo n'kulira mawu odula mtima. Gawo la wamasiyelo anadzipatsa okha. Ankaliloweza akupalasa makina osokera, kulibwereza akusita, mpaka makasitomala ankapepesa osadziwa kuti wamwalira ndani. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi basi, chakuti mudzi umve kulira kumeneko. Tsoka lake, mtembo unali amuna awo.

Chonyansa n'chakuti pokonzekera bamboyo ankafa bwino kwabasi. Koma lifike Loweruka masana, anthu adzaze m'madesiki, ena akusuzumira pa mawindo, basi mutu wauma.

Tsiku loyamba kalipentala, amene ankasewera wakupha, anawabaya ndi mpeni wathabwa. Bamboyo anadzandira, kugwira pamimba, khu pansi! Mayi telala anatulukira kuseri kwa katani manja ali kumutu, mpweya atakoka kale. Mtembo unatukula chala.

"Sindinafe. Wabaya pa lamba."

Kalasi yonse inafa ndi phwete, dzina n'kumera pomwepo. Kalipentala anabaya, kubayanso, mpaka mpeni unathyoka, iwo akungomulangiza kuti, "Tsitsani pang'ono, achimwene, apo pali nthiti."

Mayi telala anasintha sewero, kuti chidakwacho chife ndi poizoni. Bamboyo anagugudiza kapu yonse, kunyambita milomo, n'kufunsa ngati watsalako wina. Mayiwo anasinthanso, akuti chidakwacho chiphedwe ndi mphezi. Wometa tsitsi anamenya lata kuseri mpaka makutu kugontha, bamboyo n'kusuzumira panja: "Kalanga ine, yagwera kwa aneba!" Potsiriza mayiwo anaganiza zoyamba sewero munthuyo atafa kale, atamufunditsa nsalu pa madesiki. Zinkayenda ndithu, mpaka wolira wina ananena kuti malemu anali waulesi. Nsalu vundu!

"Bodza! Njinga yako ija anakonza ndani?"

Kunyumba kunayaka moto.

"Bambo inu, ndinakulakwirani chiyani ine? Anzanu amafa, nkhuku imafa! Kungogona phee n'chovuta? Pakhomo pano mumagona mpaka dzuwa kukuwotchani m'mapazi!"

"Koma anthu aseka, mayi."

"Ndinapeka zoseketsa ine? Mwandisandutsa chitsiru pamaso pa ana anga omwe!"

Kuwachotsa bamboyo pa gulu kunali kosatheka. Atayesa kamodzi, anthu ankafika pakhomo, kufunsa ngati a Sindinafe alipo, n'kubwerera. Ahedi nawonso, munthu wamkulu wopanda manyazi, anati popanda iwo kalasi sapereka.

Zaka zinapita motero, mpaka chifuwa chinawagwetsa bamboyo. Mayi telala anakokera makina pafupi ndi bedi, akusoka uku akukalipa.

"Dzukanitu! Pa sewero mumadzuka, lero chavuta n'chiyani?"

"Mayi, ndikuuzeni," anatero bamboyo, mawu akuthera pakhosi. "Pokonzekera paja ndinkapirira, chifukwa mawu munkangowathamangitsa. Koma anthu akadzaza, ndinkamva mmene mukukokera mpweya, n'kudziwa kuti lero mulira zenizeni. Ndiye ine ndigone pansi, mkazi wanga akulira pagulu? Ayi, zimenezo sindikanatha."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Mukanandichotsa."

Mayiwo anatsonya, n'kupalasa makina mwamphamvu mpaka singano inathyoka. Sabata isanathe bamboyo anapita. Pa maliro anthu ankangoyang'anayang'ana bokosi, koma silinagwedezeke.

Patapita miyezi, gulu linabwereza sewero lija, wometa tsitsi atatenga malo a chidakwa. Kalipentala anabaya kamodzi, wometayo anagwa n'kufa mwaulemu, osaphethira n'komwe. Kalasi inangoti zii. Mayi telala anatuluka, kugwada, mawu onse ali pa lilime, mudzi wonse uli tcheru monga mmene ankafunira. Anadikira. Anadikirabe. Kenako anamugwira wometayo pa kolala n'kumugwedeza ngati thumba.

"Kufa kwamtundu wanji kumeneku? Munthu wamkulu kungokukhudzani kamodzi, basi mwapita? Mulibe mkazi kunyumba inu? Dzukani, mundichokere apa!"

Palibe anaseka. Mayiwo anakoka katani okha, chingwe mpaka kuduka.

Masiku ano masewero kwathu amatha pa nthawi yake. Ofa amafa, omba m'manja amaomba, anthu amatuluka ngati akuchokera ku msonkhano wa makolo. Gawo la wamasiye mayi telala analichotsa, ndipo mukawafunsa amakukalipirani. Kulira kuja amakumva ndi oyandikana nawo nyumba okha, masana, makina osokera akangoima.