Kabuku Kosatsegula ka a Elmer Haapala

M'tauni yonse ya Ashtabula mulibe amene sadziwa kuti malemu Elmer Haapala anatsikira kumanda asanapatsepo chinthu chilichonse malikisi khumi. Khofi wa kumalo odyera a Rhonda anali 6.5. Kwaya ya ku Lutheran inali 7.0, ndipo pa Khirisimasi inkatsika chifukwa cha phuma. Chipale chofewa choyamba cha nyengo yozizira chikagwa, choyera mbee, anthu onse akuchiyamikira, iwo ankatulukira pakhonde, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "9.2. Galu wa aneba wadutsapo kale."

Matendawa anawatenga kuntchito. Moyo wawo wonse ankachonga timabuku ta nthano zazithunzi, makomiki aja. Eni ake amatitumiza kukampani, akatswiri n'kutipatsa malikisi, kuyambira theka mpaka khumi, kenaka n'kutitsekera m'kabokosi kolimba ka pulasitiki. Kabokosiko ukangokaswa, malikisi aja afera pomwepo. Maso atayamba kulema, a Elmer anapuma pantchito n'kukakhazikika pakatebulo ka kuseri m'sitolo ya mnzawo Vinnie Carducci, pomwe ankauza anthu zoona asanawononge nthawi kutumiza timabuku tawo kukampani. Anthu ankalowa akumwetulira, n'kutuluka nkhope zili khwinyi.

Akazi awo, a Nadine, ankawabweretsera chakudya masana, ndipo zambiri anaziona ndi maso awo ataima pakhomo ndi mbale m'manja.

Tsiku lina kunabwera dalaivala wa thiraki, chimunthu chadzitho, atafungatira kabuku ngati khanda.

"Madala, aka sikanagwiridwepo. Kanali m'kabati ya agogo anga. Khumi ameneyu, musavutike n'kuyang'ana."

A Elmer anasamba m'manja, n'kupukuta chala chimodzichimodzi. Anakanyamula kabukuko n'kukanunkhiza.

"Agogo anuwo ankasuta kaliwo."

"Eya, koma..."

"Ndipo kabatiyo inali pafupi ndi bafa. Timawaya tomangira masambati tachita dzimbiri. Masamba asanduka achikasu. Kona iyi inapindikapo, wina n'kuiwongola ndi simbi." Anasendeza galasi lawo lokuzira zinthu. "Pamsana apa utoto unasupuka, wina wapakapo cholembera chakuda."

"Si ine!"

"Sindinati ndinu, achimwene. Koma chala chanucho chikadali chakuda. 4.0, ndipo adzalembapo kuti kokonzedwa. Kabuku kokonzedwa n'konama, ngakhale kakongole bwanji."

"Nanga khumi mumapatsa kotani?" anakalipa dalaivala uja.

"Kamene sikaonetsa kuti dzanja la munthu linakakhudzapo. Ine sindinakaonepo."

Powerenga ngati masamba ali okwanira, a Elmer ankazondotsa kabuku, mutu pansi, kuti nthano isawasokoneze. Timabuku zikwizikwi tinadutsa m'manja mwawo, koma mukanawafunsa kuti ngwazi ya m'menemo ndani, akanakuuzani za makona.

Zikanathera kusitolo zikanakhala bwino. Koma ankapita nazo ndi kutchalitchi. Abusa Tollefson, munthu wofatsa wokonda kulalikira motalika, analakwitsa tsiku lina n'kuwafunsa pakhomo kuti ulaliki wayenda bwanji.

"Chikuto chinali chowala, abusa. Pakati panakwinyika. Masamba omalizirawo ndi owonjezera, sanali a buku limenelo. 6.0."

Abusa anamwetulira mokakamiza. "Chabwino, a Haapala. Koma Mulungu yekha ndiye mumupatse khumi."

"Sindikukana, abusa. Koma lamulo lathu limati usachonge chinthu pongomva kwa anthu. Chikhale kaye pamaso pako."

Pa ubatizo wa mdzukulu wa Rhonda anasuzumira mwanayo n'kunong'ona, mokweza ndithu, kuti, "8.5. Makutu sanafanane." A Nadine anawatsina pantchafu mpaka chilembo chinakhala sabata. Mawa lake anaphika payi, mtundu wa keke wokhala ndi maapulo m'kati, n'kukapepesa kwa Rhonda. Ndiyo inali ntchito yawo m'banjamo: amuna kuchonga, iwo kupepesa. Payi anaphika wochuluka m'zaka zimenezo, mwakuti kugolosale ankangowafunsa kuti, "Lero alakwira ndani?" Ndipo payi aliyense asanatuluke m'nyumba ankayamba wachongedwa. Sanapitirirepo 8.0, chifukwa m'mphepete munkapserera.

Chinthu chimodzi chokha a Elmer sanachichonge: akazi awo. A Nadine nawo sanafunsepo. Munthu amene waona chipale chikulephera mayeso safunsa zotere.

Koma chimene chinkawatopetsa a Nadine kuposa zonse si payi ayi. Kanali kabuku kamene kankakhala m'kachipinda kamdima, kozizira, komwe ngakhale iwo sankaloledwa kutsegula makatani.

A Elmer ali mwana ankakonda nthano ya Kaputeni Halloran, munthu wosambira pansi pa nyanja. Kabuku ka nambala 11 anakawerenga mpaka kanasanduka sanza. Kanathera pamene Kaputeni watsekeredwa m'sitima yomira, madzi akulowa. Ka nambala 12 katatuluka anathamangira kukagula, koma atakagwira anaona kuti kanali kosalala, makona akuthwa, kopanda ndi kachilema komwe. Manja anakana kukatsegula. Anakaika pakati pa matabwa awiri kuti akawerenge mawa. Mawalo silinafike. Kampani yosindikiza inatsekedwa chaka chomwecho, ndipo nambala 12 kanakhala komaliza. Patapita zaka, mnzawo wa kuntchito anakachonga, poti munthu sachonga kake, n'kukapatsa 9.8, ndi kukatsekera m'pulasitiki.

"Ndiye anatuluka?" a Elmer anamufunsa mnzawoyo.

"Ndani?"

"Kaputeni!"

"Kaya. Ine ndimayang'ana timawaya."

Kuyambira pamenepo funsolo linakhala mlendo wosachoka m'nyumba mwawo. Ali pakati pa chakudya ankaika foloko pansi. "Nadine, ukuganiza kuti anatuluka?" Akuchotsa chipale pakhomo, fosholo m'malere: "Mwina panali kazenera." A Nadine ankayankha chimodzimodzi chaka ndi chaka.

"Bambo, yankho lili m'chipinda umo. Mapazi ochepa chabe. Tsegulani."

"9.8, Nadine! Padziko lonse palibe kena kotere."

Vinnie anayesapo kuthandiza. Anati afufuze pa kompyuta awauze; a Elmer anatseka makutu ndi manja n'kuyamba kuimba nyimbo ya m'tchalitchi, akuti nthano si miseche yomvera kwa anthu. Kenaka Vinnie anasakasaka mpaka anapeza nambala 12 kena, kakuda, konyowapo, kodyedwa ndi mbewa.

"Nayu Kaputeni wako, nkhalamba iwe. Werenga tipume."

A Elmer anakazondotsa mwachizolowezi n'kuwerenga masamba. "1.0. Omalizira palibe. Mwana wina anadula kuti aitanitse mfuti yachidole."

"Ambuye, nditengeni," anatero Vinnie.

Chaka chatha, masamba a mitengo atayamba kuyoyoka, mtima wa a Elmer unafooka. Madokotala anawabweza kunyumba ndi mawu ofatsa aja amene aliyense amawamva tanthauzo lake. Bedi analiika pabalaza, pafupi ndi zenera. Maso anali atatheratu, ankangoona mithunzi. Namwino wobwera m'mawa anapatsidwa 7.5, manja ozizira. Msuzi wa a Nadine unatsika kufika pa 5.0, koma anavomera kuti vuto linali lilime lawo.

Ndipo funso lija linakula. Ankalifunsa podzuka, ankalifunsa atamwa mankhwala. A Nadine anali atatopa kufikira m'mafupa, kutopa kwa kuchapa, kutembenuza wodwala, ndi kuyankha mafoni a anthu ofuna kumva ngati zatheka. Anapemphera kuti Mulungu awapatse chipiriro, koma pemphero lili mkati anazindikira kuti chipiriro anali nacho chochuluka kale, ndipo n'chimene chinawafikitsa pamenepa. Mwamuna wawo anali kupita ndi funso la mwana wamng'ono m'kamwa.

Lachiwiri lina masana, dzuwa likuwala, analowa m'kachipinda kaja, n'kutsegula makatani onse. Anatuluka ndi kabokosiko, mpeni wopakira batala, ndi hamala.

A Elmer anamva kulira kwa pulasitiki patebulo. "Nadine, n'chiyani chimenecho?"

"Mukuchidziwa."

"Usayerekeze! Nadine! Wasamba m'manja?"

"Ndimasenda anyezi."

Hamala inagunda. Kabokosi kanati phwa! A Elmer anabuula ngati akuchotsedwa dzino. A Nadine anakhala pamphepete pa bedi, n'kuvala magalasi awo owerengera Baibulo, n'kukatambasula kabukuko mpaka msana unalira.

"9.0," anatero a Elmer ndi mawu ofooka.

Ananyambita chala n'kutembenuza tsamba.

"Malovu! 8.0. Ambuye chitireni chifundo."

"Mukufuna kuchonga kapena kumva?"

A Elmer anatchera khutu. Ndipo a Nadine anawerenga, akufotokoza ndi zithunzi zomwe. Madzi anafika m'mawondo a Kaputeni. Anamenya chitseko ndi chitsulo, osatheka. Kunja kunali chinsomba cha mano ngati macheka. Madzi anafika m'chiuno. A Elmer anagwira bulangeti ndi manja onse awiri, pakamwa pali yasa, nkhope ya mwana wa sukulu. Madzi anafika m'khosi. A Nadine anatembenuza tsamba, ndipo mtima wawo unagwa. Panalibenso nthano. Pansi pa chithunzi chomaliza analembapo kuti zotsatira zake zidzapezeka mu nambala 13, kabuku kamene sikanasindikizidwe n'komwe.

A Nadine sanali munthu wonama. Koma anayang'ana manja aja ogwira bulangeti, n'kukonza kukhosi.

"Ndiyeno Kaputeni anaona kazenera pamwamba," anatero, maso ali pa chithunzi cha mfuti yachidole. "Anakaswa ndi chigongono. Chinsomba chija chinabwera, iye n'kuchilasa m'diso. Anasambira, anasambira, mpaka anatulukira pamwamba, dzuwa likuwala. Anzake anamukokera m'boti, n'kumufunditsa bulangeti, n'kumupatsa khofi. Anapita kwawo. Mkazi wake anali akumudikira, atatopa kwambiri."

Kenaka mapewa a a Elmer anayamba kugwedezeka. Ankaseka.

"Wakonza, Nadine."

"Ndakonza chiyani?"

"Maso ndilibe, koma makutu alipo. Masamba a nthano anathera pamene madzi anafika m'khosi, sindinamvenso tsamba likutembenuzidwa. Kwinako wapaka utoto wako. Ndipo Kaputeni Halloran analibe mkazi."

A Nadine anavula magalasi. Misozi inali itayamba, ya mkwiyo ndi ya zina. "Sanatuluke, bambo. Akuti tidikire nambala 13. Ndakuswerani kabuku kanu pachabe."

"Zaka zonsezi ndili ine kusunga munthu m'madzi," anatero a Elmer, akupukuta m'maso. "Kokonzedwa n'konama, sindisintha mawu. Koma mmisiri wake ndi wabwino. Kazenera kaja ndinkakaganiza inenso." Anapapasa pabulangeti mpaka anapeza dzanja la akazi awo, lonunkha anyezi. Analitembenuza uku ndi uku, chala chikuyenda pamakwinya ndi pachipsera cha uvuni, monga ankachitira ndi timabuku. "9.8."

"Kabukuko? Mwati katsika."

"Kabuku ndi 6.0 tsopano, wakapha. Ndikunena iwe."

A Nadine analisiya dzanja lawo momwemo. Kenaka, poti anali atadikira nthawi yaitali, anafunsa ndithu. "Nanga 0.2 yatsalayo yapita kuti?"

"Khumi ndi wa chinthu chimene sichinagwiridwepo ndi munthu. Iwe ndakugwira dzanja kuyambira tili achinyamata. Zikuoneka." Anapuma movutikira. "Werenganso. Uyambire pa kazenera."

Anamwalira chipale choyamba chisanagwe. Pamaliro, abusa Tollefson analalikira mwachidule kuposa kale lonse, ndipo pomaliza anati akukhulupirira kuti m'bale wathu tsopano waona khumi pamaso pake, ngakhale akukayika ngati sanayambe wayang'ana makona a zipata. Anthu anaseka akupukuta misozi.

Masiku ano mu Ashtabula zinthu zimangochitika popanda wozichonga. Khofi wa kwa Rhonda wasukuluka, ndipo palibe wonena. Ulaliki wayambanso kutalika. Katebulo kaja Vinnie sanakachotse. Anthu akabwera ndi timabuku tawo amangowauza kuti, "N'kabwino, tumizani," ndipo amatuluka akumwetulira, iye n'kutsala akuyang'ana mpando wopanda munthu. Kugolosale, maapulo sakuyendanso malonda ngati kale.

Nambala 12 kali patebulo la kukhitchini kwa a Nadine, pansi pa botolo la mchere. Chikuto chapindika, ndipo pankhope ya Kaputeni pali chizindikiro cha kapu. Chipale chitagwa m'mawa wina, a Nadine anatulukira pakhonde, manja kumbuyo. Chinali choyera kuyambira pamasitepe mpaka kumsewu, galu wa aneba asanadzuke. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akudikira mawu amene sanabwere. Kenaka anatsika n'kupondapo.