Suti Yabulauni ya Malemu Achimwene

Mpaka lero ndikakumana ndi alamu anga panjira, maso anga amathamangira kunsapato.

Achimwene anga, omwe ankaphunzitsa kufupi ndi Mvera, ndiwo anandiuza kuti mauthenga a pa foni masiku ano amayenda okhomedwa. "Ukatumiza, panjira amasanduka zilembo zopanda mutu," ankatero. "Kiyi uli naye iwe ndi ine basi."

Atamwalira tinawaika ndi jekete lakuda, poti suti yabulauni yomwe ankati adzagone nayo inasowa. (Sinasowe. Ndinaibwereka osapempha popita kukafunsira ntchito ku Ntchisi boma, simbi yamakala n'kuiboola pamsana.)

Patatha sabata ziwiri, m'mawa wina wachifunga, ndinakwera kachitunda komwe timapezera netiweki. Manda ali m'munsi mwake, m'mitengo ikuluikulu. Kunali zii, ngakhale khwangwala osalira. Foni inanjenjemera m'thumba. Pa dzina la achimwene panali chidziwitso chakuti nambala yawo yachitetezo yasintha. Kenako pamwamba panaoneka mawu akuti akulemba.

Analemba, n'kusiya. Anayambanso, n'kusiya. Kenako uthenga unafika.

"Muli kuti? Pali nkhani."

(Achimwene sankanditchula kuti inu, koma ndinati mwina kumanda anthu amaphunzira ulemu.)

Ndinasuzumira kumunsi kuja. Chifunga chinali kutuluka m'mitengo, kukwawa kulunjika kwa ine. Ndinagwada pa udzu wonyowa, ndipo podziwa kuti palibe wamoyo angawerenge, ndinaulula zonse: suti, simbi, bowo, mpaka chikwama chomwe ndinaibisamo. Ndinawonjezanso kuti pamaliro ndinkalira mokweza dala kuti anthu asandikayikire.

Foni inalira. Dzina lomwelo. Ndinayankha. Poyamba ndinangomva kupuma.

"Achimwene, pepani..."

"Alamu," anatero mawu achizimayi, "ndine mayi a Chisomo. Foni ya malemu inafa, ndiye simu ndaika m'foni ina. Ndimafuna mudzandithandize kukonza khola la nkhumba."

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"Koma khola lidikire. Bwerani ndi sutiyo. Apongozi, mayi anu, ali pompano, ndawawerengera zonse."

Kunena zoona, achimwene sananame. Uthenga wanga unadutsa mapiri onse a Dowa popanda mlendo wousuzumira, n'kukafika bwinobwino m'manja mwa munthu yekhayo amene sindinkafuna kuti auone. Tsopano ndisanalape pa foni ndimayamba ndaimba, ndimve kaye mawu a amene waigwira.