Bwalo la Phula la a Msokera

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo mutchere khutu ana inu, chifukwa ine sindibwereza.

Pa Kadammanja panali a Msokera, mwini golosale yoyang'ana kumsewu. Chaka chimene msewu waukulu unathiridwa phula, iwo anaona magalimoto akungodutsa osaima, ndipo anaganiza kuti vuto ndi pabwalo pawo: chilimwe fumbi, dzinja matope ofika m'akakolo. Anakafunsa kwa kapitawo wa okonza msewuwo mtengo woti phula lifike mpaka pakhonde. Mtengo wake unali ng'ombe ziwiri ndi ngolo yomwe. Akazi awo, Nazimbiri, anawakumbutsa kuti ng'ombezo ndi zimene zimatuta chimanga kumunda, ndipo phula silibereka. A Msokera anati akazi saona patali. Anagulitsa.

Bwalo linakongola, zimenezo sindikana. Lakuda bii, losalala ngati mbale. A Msokera ankalisesa okha m'mawa uliwonse.

Magalimoto anayambadi kuima. Koma madalaivala akatsika ankangowakwezera dzanja a Msokera, n'kuwoloka msewu kupita kwa mai Esinati, amene ankaphika mpunga wa nyama ya mbuzi m'kashedi ka udzu. Akabaza anasamutsira siteji yawo pabwalo la golosale, ati paphula matayala sabooka. Amayi a m'mudzi anatulukira kuti mphale imauma msanga pamenepo kusiyana ndi pamphasa, ndiye dzuwa likangokwera, theka la bwalo linkayera mbuu. Ngakhale telala anakokera makina ake pakona. Onsewa chimene ankagula m'golosale ndi machesi, mwina kamchere. Anthu ndi otero. Ine ndinakumba chitsime ndi manja angawa, mudzi wonse ukumwa, koma mpaka lero palibe anabwerapo ndi chingwe chatsopano.

Patapita zaka zitatu bwalo linayamba kung'aluka. Poyamba timizere ngati ta kuchidendene, kenako ming'alu yolowa chala, udzu n'kumeramo. A Msokera anaitanitsa Wisikoti, munthu wa ku boma wodziwa ntchito ya phula. Iye anazungulira bwalo lonse akugogoda ndi nsapato, n'kufotokoza kuti phula lili ngati denga la udzu, limafuna kufoleranso. Ming'alu imatidwe, pamwamba pathiridwe lina lopyapyala, ndipo zonsezi zichitike mvula isanagwe. Madzi akangolowa pansi, lonse lidzasendeka ngati khungwa la bulugama.

"Ndiye zingati?" anafunsa a Msokera.

"Ng'ombe zilipo, bambo?"

"Yatsala imodzi."

"Imeneyo, ndi mbuzi pamwamba."

Nazimbiri atamva, sanakalipe. Anangonena kuti tsiku limene ng'ombe imeneyo idzatuluke m'khola, mphasa ya a Msokera idzatulukanso m'nyumba, akagone paphula lawolo. Umenewo unali mwezi wa Okutobala, mitambo itayamba kale kusonkhana masana.

A Msokera anaona kuti chilungamo n'chakuti onse opondapo asonkhe. Anayamba kuyenda mmodzimmodzi. Mai Esinati anati iwo phazi lawo silinapondepo, opondapo ndi magalimoto, akafunse magalimotowo. Akabaza anati nkhani zotere amayankha tcheyamani, ndipo tcheyamani ali kumaliro. Amayi a mphale anafunsa ngati mphale imalemera moti n'kung'amba phula. Telala anawatenga pamkono kukawaonetsa kuti pakona pakepo mng'alu palibe. A Msokera anabwerera kugolosale thukuta lili kamukamu, m'thumba mulibe kanthu.

Apa anaganiza kuti munthu amakana akakhala yekha, koma pagulu manyazi amamugwira. Analengeza msonkhano wa Loweruka, tsiku la msika, pabwalo pomwepo. Anakonza mawu oti akalankhule, kuwabwereza katatu ali kuseri kwa kauntala. Loweruka litafika anaika mpando pakati pa bwalo, lichero la chopereka patsogolo. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Sipanabwere munthu, kupatula amayi a mphale, amene anawapempha kuti asendeze mpando chifukwa ukutchinga dzuwa.

Mtima utawawa, anapita kwa alamu awo, mchimwene wa Nazimbiri, kukatenga ng'oma yoitanira anthu. Mwini wake kunalibe, anangoinyamula.

Tsono a Msokera paunyamata wawo anali woomba ng'oma ya chimtali, ndipo manja saiwala. Anayamba bwinobwino, kugunda katatu, kupuma, kugundanso katatu, monga amachitira poitana anthu. Kumsika anthu anatembenuka, n'kupitiriza malonda awo. A Msokera anati mwina ikumveka mouma, n'kuwonjezera kakuseweretsa zala pang'ono. Mayi wina amene ankawola mphale anayamba kugwedeza mapewa. Mnzake anamanga chitenje m'chiuno. Wachitatu anayambitsa nyimbo.

Anthu anayamba kutsika kuchokera kumsika. A Msokera anati m'maganizo mwawo, adzaze kaye, ndikangosiya ng'oma onse adzakhala chete, ndiye ndiwalase ndi mawu. Atafuna kusiya, anaona gulu lina likuwoloka msewu, n'kuti awo afike kaye. Awo atafika, kunatulukira ena kuchokera kuchigayo. Ndipo ndinene zoona, munthu wamkuluyo zinayamba kumukomera. Anatsinzina, mutu kupendekera kumbali, ng'oma ili pakati pa miyendo, kuiwala kuti anabwerera chiyani. Zimandinyansa ndikaganiza.

Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Phula linafewa ngati nthochi yakupsa, ndipo pamwamba pake panali mapazi mazanamazana akuponda malo amodzimodzi, kuzungulira, kupondanso. Mai Esinati anawolotsa ndowa ya thobwa, inatha, anakatenga ina, inathanso. Akabaza anathamangira m'midzi yapafupi kukauza anthu kuti kwa Msokera kuli gule waulere, n'kumawanyamula awiriawiri pamtengo wokwera. Telala anagulitsa zitenje zonse zimene zinakhala chaka osagulidwa. Golosale yokha ndiyo inali yotseka, poti mwini wake anali pantchito.

Dzuwa litapendeka mikono inakana. A Msokera anaimirira, n'kukweza dzanja.

"Abale anga, ndakuitanani chifukwa cha phula lino."

Anthu anawomba m'manja. Amayi analuluta. Wina anafuula kuti phula lake ndi labwinodi, fumbi palibe, Loweruka likudzali ayambe m'mawa. A Msokera anayesa kunena za ming'alu ndi za mvula, koma mawu awo anali atasasa ndi ludzu, ndipo anthu anali atayamba kale kufunafuna nsapato zawo ndi ana awo. Posakhalitsa pabwalo panatsala iwo ndi ng'oma. M'lichero munali tindalama tosupira woomba, tosakwana ngakhale botolo la palafini, ndi mbatata imodzi yootcha.

Atayang'ana pansi, anakhala pampando. Pamene panali ming'alu panali maenje. Pamene panadutsa mzere wa ovina phula linali litanyamuka zibenthuzibenthu, dothi lofiira lili poyera. Lina linapita kumidzi litamatirira kumapazi a anthu.

Lolemba Wisikoti anabwera. Sanagogodenso ndi nsapato. Anangoti zomata zatha, apa n'kugumula zonse n'kuyamba pansi, ndipo za mtengo wake anawamvera chisoni, sanatchule. Lachitatu mvula yoyamba inagwa, madzi n'kudzaza m'maenje monse, abakha a mai Esinati n'kuwoloka msewu kudzasamba.

Tsiku lomwelo alamu aja anabwera kudzatenga ng'oma yawo. Anapeza a Msokera ali pakhonde, manja otupa ali m'beseni la madzi ofunda. Anayang'ana bwalo, kuyang'ana mlongo wawo, n'kufunsa kuti, "Kodi achemwali, kuno kunagwa chiyani?"

Nazimbiri anawapatsira ng'omayo, napukuta manja pachitenje.

"Palibe chachilendo, achimwene. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina."